Wopezera Waya Malo pa Njinga Yamoto

Wokwera kabaza amaona nyali zowala ndi foni ikuchajidwa pa chiwongolero, koma saganizira munthu amene anazipezera malo. Njinga ngati Boxer inapangidwa mothina: thanki, injini, batire la 12 volts lobisidwa kumbali, basi. Mwini wake akafuna chaja, hutala yachiwiri ndi kawayilesi, makaniko amayamba wagwada, n'kuchotsa mpando, n'kumapapasa pansi pa thanki ndi zala zakuda bii ndi girizi. Amadziwa kuti pafupi ndi injini mphira wa waya umasungunuka, ndipo kumunsi matope a dzinja salekerera chilichonse. Akamangirira, amapinda chiwongolero uku ndi uku mpaka pothera, kuti aone ngati waya akukokeka kapena kupanika. Fyuzi amaiika pafupi ndi batire, kuti waya akagundana ndi chitsulo ipse ndi iyo, njinga n'kupulumuka.

Ena anganene kuti uku n'kukongoletsa chabe, ndipo aliyense wokhala ndi tepi yakuda angathe. Zoonadi, tinyali tina tothwanimathwanima n'tachibwana. Koma kwa wakabaza foni ndiye ofesi. Ikazima, makasitomala amaimbira mnzake. Ndiponso ntchito ya wongomatamata sichedwa kudziulula: mabampu a msewu wafumbi amakhulitsa waya ku chitsulo mpaka kusupuka, fungo la zopserera n'kumatuluka pansi pa mpando, batire n'kutha mphamvu njinga ili chiimire. Pakanapanda mmisiri wodekhayu, ambiri bwenzi akukankha njinga usiku ku Chinsapo, wokwera akutsatira pambuyo atasenza yekha katundu wake.