Mutu Umodzi Susenza Denga: Za Mai Denise Scott Brown

Makolo athu adati mutu umodzi susenza denga. Komabe anthu ogaŵa mphoto za ukatswiri kaŵirikaŵiri amafunafuna mutu umodzi woti auveke chisoti, ngati kuti nyumba imatuluka m'nzeru za munthu mmodzi. Mbiri ya Mai Denise Scott Brown, mmodzi mwa akatswiri otchuka olemba mapulani a nyumba ndi a mizinda, ikutiwonetsa poyera kulakwa kwa maganizo otere.

Maiŵa adabadwira ku Nkana, kumigodi ya ku Zambia, m'chaka cha 1931, dzikolo likutchedwa Northern Rhodesia. Adakulira ku Johannesburg, naphunzira pa yunivesite ya Witwatersrand, kenaka ku London. Mu 1958 adapita ku Philadelphia, ku America, pamodzi ndi amuna awo oyamba, Bambo Robert Scott Brown, amene adamwalira pangozi ya galimoto chaka chotsatira. Namfedwayo adapirira, nayamba kuphunzitsa pa yunivesite ya Pennsylvania. Mu 1960, pamsonkhano wa aphunzitsi, adatsutsa kolimba maganizo ofuna kugwetsa nyumba yakale ya mabuku ya pasukulupo. Mphunzitsi mnzawo, Bambo Robert Venturi, adagwirizana nawo, ndipo m'menemo ndimo mudayambira ubwenzi wawo. Adakwatirana mu 1967, nagwira ntchito limodzi zaka zoposa 40.

Kodi chachilendo chimene Mai Scott Brown adabweretsa nchiyani? Masiku amenewo akatswiri ambiri ankakhulupirira kuti mzinda wabwino ndi wa nyumba zazitali zagalasi ndi simenti, zopanda chokongoletsa chilichonse, ndipo kuti malo akale a anthu osauka ayenera kugumulidwa. Maiŵa adaphunzitsa kuti mmisiri ayambe wayang'ana ndi kumvetsera asanagwire pensulo. Mu 1968 adathandiza anthu okhala mumsewu wa South Street ku Philadelphia, ambiri mwa iwo akuda ndi osauka, kukana msewu waukulu umene ukadaphwasula nyumba zawo. Msewuwo sudamangidwe.

Ndi iwonso amene adatengera Bambo Venturi ku Las Vegas mu 1966, kukaona zikwangwani zoŵala ndi masitolo a m'mbali mwa msewu, zimene ophunzira ankazinyoza. Zimene adapeza zidatuluka mu 1972 m'buku la Learning from Las Vegas, limene aŵiriŵa adalemba pamodzi ndi Bambo Steven Izenour. M'bukumo adasiyanitsa mitundu iŵiri ya nyumba. Wina ndi wonga sitolo ina ya ku Long Island yogulitsa abakha ndi mazira, imene idamangidwa mooneka ngati bakha. Nyumba yonseyo yasanduka chizindikiro. Wina ndi nyumba wamba imene chikwangwani kapena zokongoletsa zakumaso zimanena ntchito yake. Iwo adati nyumba zambiri zonyadira zamakono ndi abakha chabe, ndipo adasankha nyumba wamba yolankhula zomveka kwa munthu wodutsa.

Pamenepa tiyenera kusamala. Las Vegas ndi mzinda wa juga, ndipo zikwangwani zake zidapangidwa kuti zikhuthule matumba a anthu. Zimene wamalonda waika mumsewu sindizo nthaŵi zonse zimene anthu wamba akadasankha, ndipo bukulo silisiyanitsa mokwanira ziŵirizi. Ndiponso zokongoletsa zina za m'nyumba zawo ndi nthabwala zimene amazimva ndi akatswiri okhaokha. Koma pamene adagwira bwino, ntchito yawo ili ndi ulemu wosoŵa. Mu 1991 ku London kudatsekulidwa Sainsbury Wing, mbali yatsopano ya National Gallery. Mwala wake ndi wofanana ndi wa nyumba yakale. Mizati yake yathithikana pafupi ndi nyumba yakaleyo, nkumachepa pang'onopang'ono potalikira. Zipinda zake zolandira kuŵala kuchokera kumwamba zimapatsa malo zithunzi zakale, zambiri mwa izo zochokera m'matchalitchi a ku Italy. Nyumbayo siilimbirana ulemu ndi zimene ikusunga.

Chaka chomwecho cha 1991 mphoto ya Pritzker, imene imaŵerengedwa kuti ndi yoposa zonse pantchitoyi, idaperekedwa kwa Bambo Venturi okha. Mai Scott Brown sadapite kumwambo wake ku Mexico City. Mkazi woyamba kulandira mphotoyi, Mai Zaha Hadid, adailandira mu 2004. Mu 2013 ophunzira aakazi a ku Harvard adasonkhanitsa maina a anthu zikwi zambiri, pamodzi ndi la Bambo Venturi, kupempha kuti dzina la maiŵa liwonjezedwe. Oweruza adakana, nati sangabwerere ku chigamulo cha anzawo akale. Bungwe la American Institute of Architects lidachita mosiyana: litasintha lamulo lake, mu 2016 lidapereka mendulo yake yagolide kwa aŵiriŵa pamodzi. Bambo Venturi adamwalira mu 2018.

Ena anganene kuti mphoto ndi chinthu chachabe, poti nyumbazo zilipobe. Koma dzina limene lalembedwa ndilo limene ana amaphunzira, ndipo mtsikana woŵerenga mndandanda wa opambana amafunamo umboni wakuti njirayo ndi yakenso. Oweruza a 1991 adayamika nzeru yoyang'ana zinthu zimene ena amazilambalala, koma iwo eni adalambalala munthu amene adaphunzitsa nzeruyo. Chilungamo sichikadachepetsa ulemu wa Bambo Venturi ngakhale pang'ono. Chikadangonena zoona za m'mene ntchitoyo idagwiridwira. Tsono ifenso, aŵerengi okondedwa, tisanatchule nyumba ndi dzina la munthu mmodzi, tiyambe tafunsa kuti denga lake adasenza ndi angati.