Timizere ta Pansi pa Piano Roll

Pansi pa zenera la piano roll mu pulogalamu ya FL Studio pali timizere toimirira, kamodzi pa noti iliyonse. Wongoyamba kumene sayang'anako n'komwe. Pulodyusa wodziwa ntchito amachezera pomwepo usiku, kukoka aka m'mwamba, kutsitsa ako, kumvetsera, n'kubwereranso pa kamzere komweko.

Timizereti ndi velocity ya MIDI. MIDI siinyamula mawu a chida. Imangonena kuti noti yakuti yagundidwa, ndipo yagundidwa ndi mphamvu yotani. Mphamvuyo imayambira pa 1 kulekeza pa 127, pomwe 0 amaitenga ngati chala chachoka pa kiyi. Zakhala choncho kuyambira 1983, pamene Dave Smith wa Sequential Circuits ndi Ikutaro Kakehashi wa Roland anatsogolera ntchito yoti makiyibodi a makampani osiyana azimvana.

Ambiri amayesa kuti velocity ndi voliyumu chabe. Piyano yabwino ya mu kompyuta inajambulidwa kangapo pa kiyi iliyonse, pokhudza mopepuka, pogunda mwapakatikati ndi pomenya kwenikweni. Noti ya pa 40 imatuluka yofewa, pomwe ya pa 115 imabwera ndi kuwawa kwa waya wokwapulidwa. Choncho wotsitsa kamzere akusankha kuti woimba anagwira bwanji kiyi.

Luso lenileni ndimaliona pa hi-hat. Ukalemba manoti 16 ndi mawusi, onse amabwera ndi mphamvu yofanana, ndipo amangoti tetetete ngati makina a telala. Katswiri amasiya yoyamba cha pa 100, yachiwiri amaigwetsera pa 60, yachitatu pa 80, yachinayi pa 55. Akafika pa noti yomaliza ya bala amaikweza pang'ono kuti ikankhire bala yotsatira. Sanawonjezepo kanthu, sanasunthe noti, koma mutu wayamba kugwedera.

Kenako amalowa pa snare, ndipo apa m'pamene ndimagoma naye. Pakati pa kugunda kwakukulu amabisamo tinoti ta pa 25 kapena 30, tosamveka bwino pokhapokha utatchera khutu. Anaphunzira kwa oimba ng'oma monga Clyde Stubblefield, yemwe mu "Funky Drummer" ya James Brown, yojambulidwa mu 1969, ankakhudza snare monong'ona pakati pa zigundo zazikulu. Tachotsani tinotito mumve mmene chiuno chimaumira.

Mapulogalamu ambiri ali ndi batani losakaniza mphamvuzi mwachisawawa, ndipo ine sindilikhulupirira. Munthu saimba mwachisawawa. Dzanja lina limaposa linzake, ndipo nyimbo ikamayandikira kolasi thupi lonse limawonjezera mphamvu mwadala. Kampani ya Akai inazindikira zimenezi pa makina ake a MPC: inaikapo 16 Levels, yogawa liwu limodzi pa mapadi 16 a mphamvu zosiyana, kuti chala cha munthu chizisankha chokha.

MIDI 2.0 ya 2020 inakweza masitepe a velocity kufika pa 65,536, koma ntchito ikadali ya khutu. Mwachitsanzo, pa chord ya manoti anayi, katswiri amakweza noti ya pamwamba chifukwa ndiyo yanyamula nyimbo, ya pansi amaipatsa mphamvu yokwanira kuchirikiza, ndipo ziwiri zapakati amazitsitsa mpaka woimba atapeza malo oikapo mawu ake.