Mlatho wa Ribblehead: Kukongola Kobadwa ndi Mantha

Kumpoto kwa England, m'chigawo cha North Yorkshire, kuli mlatho wa njanji wotchedwa Ribblehead. Kampani ya Midland Railway ndiyo inaumanga kuyambira 1870 mpaka 1874, motsogozedwa ndi injiniya John Sydney Crossley, pa njanji yochokera ku Settle kupita ku Carlisle. M'litali mwake ndi mamita 400, msinkhu mamita 32, ndipo uli ndi makomo 24 opindika ngati uta. Lero uli m'kaundula wa zomangamanga zotetezedwa ndi lamulo.

Ambiri amautama kaamba ka kukula kwake. Ine ndikuti luso lenileni lagona pa mizati. Uta wamiyala suima pawokha. Umakankha mnzake, mnzakeyo nabwezera, ndipo m'kukankhanako ndi momwe muli mphamvu. Koma paja akuluakulu anati ikaola imodzi zaola zonse. Uta umodzi utagumuka, enawo angatsatire ndondolondo. Poopa zimenezi, amisiri ankati akatha mauta asanu ndi limodzi, n'kuimika mzati wonenepa kuposa inzake, kuti ngozi ikabuka ithere pomwepo.

Taonani tsono zimene manthawo anabala. Diso likamayenda pamlathowu limawerenga mizati yowonda, kenaka n'kupumira pa wonenepa, monga momwe ng'oma yaikulu imadulira kaphokoso ka zing'onozing'ono. Popanda mizati imeneyi, makomo 24 ofanana akanatopetsa maso. Palibe chosema, palibe chokometsera. Mizati imanka niwonda chokwera, ndipo mwala wake wotuwa, wokumbidwa konko, umagwirizana ndi phiri la Whernside lomwe lili chapafupi.

Komabe pali chimene chimandiwawa. Mantha amene anatchinjiriza mwala sanatchinjirize munthu. Antchito ankagona m'zisakasa padambo lozizira la Batty Moss, m'midzi yomwe anaitcha maina ngati Sebastopol ndi Belgravia. Oposa 100 anafa ndi ngozi komanso nthomba, ndipo ambiri anaikidwa kutchalitchi cha St Leonard ku Chapel-le-Dale, m'manda opanda maina.

M'zaka za m'ma 1980 British Rail inafuna kutseka njanjiyi ponena kuti kukonza mlathowu n'kodula. Anthu anakana, ndipo mu 1989 boma linagamula kuti sitima zipitirire kuyenda. Anachita bwino. Koma wotama mlathowu asathere pa dzina la Crossley. Akawerenga mizati ija, atsikirenso ku Chapel-le-Dale, kumene kwagona eni manja amene anaisanja.