Chipewa cha Chilembwe

Kwathu kwa Maganga, ku Senga Bay, amisiri amasema mvuu ndi ngalawa zoti alendo agule. Ndinakula ndikuyesa kuti ntchito ya chiboliboli nkukongoletsa pabalaza basi. Amene wandisokoneza maganizo ndi Samson Kambalu.

Kambalu anabadwa mu 1975, naphunzira ku Kamuzu Academy ndi ku Chancellor College. Mu 2000 anamata masamba a Baibulo pa mpira, nauza anthu kuti aumenye. Kuyambira 2022 mpaka 2024 chiboliboli chake, Antelope, chinaima pa Trafalgar Square mu London. Anachitengera pa chithunzi cha 1914 cha John Chilembwe ndi mmishonale John Chorley pa tchalitchi cha ku Mbombwe.

Mphamvu yonse ili pa chipewa. Masiku amenewo munthu wakuda ankayenera kuvula chipewa pamaso pa mzungu, koma Chilembwe wachivala. Kambalu sanamgwiritse mfuti ya 1915. Anangomtalikitsa, mpaka Chorley akuoneka ngati mwana woperekeza. Pamenepa mmisiriyu ndikumvulira chipewa.

Koma nali dandaulo langa, anzanga. Ku London Chilembwe ankadzudzula Angerezi. Nanga ife atidzudzule ndani? Kuno tinamtsekera pa ndalama ya K2,000, ndipo timamkumbuka pa 15 Januwale pokha. Msodzi wa kwathu amavulabe chipewa ndi kupinda msana pamaso pa bwana, ngakhale bwanayo ndi wakuda mnzake. Chiboliboli chimenechi chikanaluma koposa chikanaima pa Kamuzu Road, mu Salima.