Ng'oma ya Miyala ya pa Nkopola

Ombani ng'oma, adzukulu, ombani! Lero titamanda akuluakulu osayenda, osadya, osadandaula.

Inu a Thanthwe a pa Nkopola! Chikhalakale, msana wa njovu, mphasa ya anyani, poothera dzuwa gulo. Munali phala lamoto pansi pa nthaka, nimuzizira pang'onopang'ono mpaka timibulu tanu tinakula. Sendera, mwanawe, yang'anitsitsa: aka koyera, aka kofiirira, aka kakuda konyezimira. Kusukulu akuti granite, ife tikuti Agogo. Mwera wakuombani zaka zosawerengeka, inu phee!

Di! Di! Di!

Inu a Nsangalabwi! Dzira la nyanja losaswa mwanapiye, wosalala ngati tsaya la khanda, wosulidwa ndi mafunde popanda nyundo. Bwenzi la atsikana pa phada, mnzake wa legeni. Tola miyala iwiri yoyera, uigundanitse kukada: ng'ani, moto! Kanda nayo botolo, lidzalira ndi botolo.

Inu a Boadzulu! Mutu wa imvi pakati pa madzi, chizindikiro cha asodzi pobwerera. Imvizo si ukalamba, ana inu, ndi zitosi za mbalame zomwe zimagona pamenepo.

Di! Di! Di-di!

Inu a Mwala wa Mphini, panjira ya kwa Chembe! Namwali wotemedwa thupi lonse, anakutemani ndani? Lumo silinafikepo. Ndi dzuwa, ndi mvula, ndi ming'alu yanu yomwe. Ine ndikaima pamaso panu ndimavula chipewa. Muli m'paki ya Lake Malawi yomwe inakhazikitsidwa mu 1980, UNESCO n'kuilemba m'kaundula wake mu 1984. Abale anu a pansi pa madzi, ku Thumbi ndi ku Domwe, ndiwo mudzi wa mbuna: pa iwo zimadya ndere, m'mapanga mwawo zimabisala. Mwala wa kumeneko musatole, muusiye pomwe mwaupeza.

Inu a Mphero ndi mwana wanu, opera mawere a thobwa! Inu a Mafuwa, atatu osakangana, osenza mphika wa chambo! Nanunso a Mchenga, mdzukulu wa onsewa, wolowa m'zala popanda odi!

Di! Di!

Iwe wamng'ono uli kumbuyo, wafumbata chiyani? Tambasula dzanja tione. Unyowetse m'madzi. Taonani mizere yake, wakuda, woyera, wakuda! Ameneyu umutche dzina ndiwe, ng'oma ikudikira.