Woumba njerwa amene sadalire maliro a mwana wake

Hugh Parsons adali woumba njerwa, munthu wa mtima wapachala, wosachedwa kuopseza mnzake akasemphana pa malipiro. Mwana wake Samuel atamwalira, anthu a ku Springfield, mudzi wa atsamunda ochokera ku England m'dera la Massachusetts, adaona kuti bamboyo sadagwetse msozi. Pofika 1651, kuuma maso kumeneko kudasanduka umboni wa ufiti. Nkhaniyi ndiyo ili m'buku la Malcolm Gaskill, The Ruin of All Witches, lomwe lidatuluka mu 2021.

Ikatchulidwa milandu ya ufiti ku America, ambiri amathamangira ku Salem, 1692. Gaskill wabwerera zaka pafupifupi 40 m'mbuyo, ndipo wachita bwino, chifukwa pamudzi waung'ono chonchi umaona bwino mmene anansi amamtembenuzira mnzawo kukhala mfiti, pang'onopang'ono. Umboni womunenera Hugh ngwochititsa manyazi: mkaka wa ng'ombe wasintha mtundu, mipeni yasowa m'nyumba. Ana aakazi a mbusa George Moxon adayamba kugwa ngati akhunyu, bambo wawo atakangana ndi Hugh pa za njerwa. Chobaya mtima n'chakuti mmodzi mwa omuloza chala Hugh adali mkazi wake yemwe, Mary, amene mutu wake udali utayamba kusokonekera.

Mphamvu ya bukuli ili pa ngongole. William Pynchon, amene adakhazikitsa mudziwo mu 1636, adali mwini sitolo, wolemba anthu ntchito komanso woweruza milandu, ndipo ambiri adali naye ngongole. Anthu otopa, osatha kukwiyira wowadyetsa, mkwiyo wawo udagwera woumba njerwa. Apa Gaskill safulumira, ndipo wowerenga sadandaula.

Pamene ndikutsutsana naye ndi pomwe walemba ngati nthano, kutiuza zimene Mary ankaganiza pomwe zolembedwa za mlandu zili chete. Zimakoma kuwerenga, koma malire a umboni ndi zongoganizira amasowa. Nazonso nkhani za buku la Pynchon la zaumulungu, lomwe adalitentha ku Boston mu 1650, zatalika kuposa muyeso.

Chigamulo chidandidabwitsa. Mary, amene nayenso adamuimba mlandu wa ufiti, adapezeka wosalakwa pa mlanduwo, koma adavomera kuti adapha khanda lake Joshua, ndipo adamulamula kuti aphedwe. Hugh adamupeza wolakwa mu 1652, kenaka khoti lalikulu lidakana chigamulocho. Adatuluka wamoyo, koma ku Springfield sadabwererekonso.