Mtondo wanuwo ndi wa chaka chanji?

Anzanga a m'gulu lino, masabata apitawa mwatigawira nthano ndi ndakatulo zolembera ana za moyo wa makolo. Ndakhala ndikuziwerenga pabenchi yanga kumsika makasitomala akachepa. Zokoma ndithu, koma ndili nanu mawu.

Pafupifupi nonse mwangondandalika zomwezomwezo: mtondo, munsi, lichero, nkhali, mphasa. Agogo akusinja, mwezi ukuwala, basi nkhani yathera pompo. Ndiye mwana atolapo chiyani? Azingoganiza kuti "kale" linali tsiku limodzi lalitali lomwe anthu ankangosinja mosangalala. Chinanso, malichero ine ndikugulitsa lero lomwe, pambali pa mabeseni apulasitiki. Kwa mwana wa ku Ndirande lichero si mbiri ayi, n'chopetera mpunga.

Kwathu kuli bokosi lachitsulo lomwe malemu agogo aamuna anabwera nalo kuchokera ku Joni. Mwana wanga wa sitandade 6 ankangolisandutsa mpando. Tsiku lina pofuna nsalu tinalitsegula, pansi pake tinapeza kobiri yobooka pakati, yojambulidwa njovu ziwiri, yolembedwa Rhodesia and Nyasaland. Mafunso ake ndiye eee! Nyasaland n'kuti? Nanga dzina la mfumukazi ya ku Mangalande likutani pa ndalama yathu? Ndinachita kumufotokozera za chitaganya chomwe azungu anatikakamiza mu 1953 n'kudzatha mu 1963, komanso kuti kwacha ndi tambala zinayamba mu 1971, anthu atazolowera mapaundi ndi masheleni.

Kenako anafunsa za bokosilo. Apa ndipo panatuluka Wenela, yomwe inkalemba amuna kupita nawo ku migodi ya golide ku South Africa. Mu 1974 ndege yobweza anthu a kumigodi inagwa ku Francistown, m'dziko la Botswana, n'kupha Amalawi oposa 70, ndipo Kamuzu analetsa Wenela kulemba anthu kuno. Mwanayo anakhala duu, kenako akuti, "Amayi, ndiye agogo aakazi ankalima ndi ndani?"

Mwaona? Mtondo wanu uja wabwera wokha. Mayi amene mumamulemba akusinja ndi nyimbo pakamwa, mwina mwamuna wake ali pansi pa mgodi zaka ziwiri, yekha akulima, kusinja ndi kulera. Nyimboyo mwina n'njodandaula. Inu mwachotsa zonsezo n'kusiya mwezi wokhawokha.

Sindikuti ndakatulo isanduke buku la Social Studies, ayi. Koma chiwiya mukuchitchulacho chikhale ndi mwini wake, chaka chake, ndi mtengo wake. Winawake atilembereko za simbi yamakala kapena wailesi ya Nzeru: anagula ndani, anagulitsa matumba angati a mtedza kuti aipeze, ndipo pamudzi ankasonkhana kudzamvera chiyani.

Kobiri ija mtsikana wanga anaimanga pachingwe n'kupita nayo kusukulu. Akuti anzake amalimbirana kusuzumira pabowopo.